Kuwerenga Mita, Kusamala Sepitiki: Kabuku ka Pakhomo

Loweruka ndi tsiku limene sepitiki thanki imaona zakuda. Kukangocha, zovala za sabata yonse zaunjikidwa pakhonde, mabulangete anyikidwa m'bafa, ndipo ana amene masiku ena amasamba mothamanga kuopa kuchedwa kusukulu, lero akuimba m'shawa osafuna kutulukamo. Kukhitchini akutsuka mapoto a dzulo, wina akukolopa, wina wangofika kumene kuchokera kumudzi ndi ana ake awiri. Pofika madzulo chimbudzi chikagejemulidwa chimayamba kulira gudugudu, madzi n'kukwera kaye asanatsike, ndipo kuseri kwa nyumba kumamveka kafungo kosafunika kufunsa kuti n'kachiyani. Bambo a pakhomo mawu awo amakhala omwewo chaka chilichonse: thanki yadzadza, aitanidwe opopa.

Opopa amabwera ndi galimoto yawo, amapopa, amalandira zawo n'kumapita. Sabata ziwiri zisanathe kafungo kaja kabwerera. Apa ndi pamene ena amati opopawo anangopopa theka, ena amati mmisiri amene anamanga thankiyo anaba simenti. Nthawi zambiri onsewa amakhala osalakwa. Chimene chavuta ndi kuchuluka kwa madzi amene banja likutsanulira m'thankimo, ndipo mboni ya zimenezi ili pageti pomwepo, m'kabokosi ka mita ya madzi, kamene ambiri amakakumbukira pokhapokha bilu ikabwera.

Zimene zimachitika pansi pa silabu

M'mizinda ya m'Malawi mapaipi a suweji amafika m'madera ochepa chabe. Ku Lilongwe zonyansa zoyenda m'mapaipi amenewa zambiri zimakathera ku Kauma, koma nyumba zambiri za zimbudzi zogejemula zimene zikumangidwa m'mapuloti atsopano, kaya ndi ku Area 49, ku Chileka, ku Machinjiri kapena ku Mzuzu, iliyonse imadalira thanki yakeyake kuseri. Nzeru yake si ya dzulo. Jean-Louis Mouras wa ku France analembetsa thanki yamtunduwu kuti ndi luso lake mu 1881, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni mpaka lero.

Thankiyo ndi chipinda cha njerwa ndi simenti chokwiriridwa pansi, kawirikawiri chodulidwa pawiri, mbali yoyamba yaikulu kuposa yachiwiri. Zochokera kuchimbudzi, ndipo m'nyumba zambiri ngakhale za kubafa ndi kusinki, zimagwera mbali yoyambayo. Zikafika mmenemo zimafuna nthawi yoti zidekhe. Zolemera zimamira n'kukhala matope akuda pansi. Mafuta ndi thovu la sopo zimayandama n'kuuma pamwamba ngati nkhoko za mumphika. Pakati pamatsala madzi otuwa, ndipo ndi okhawa amene amayenera kuwoloka kupita mbali yachiwiri, kenako kudzenje la miyala limene amisiri amalitcha sokawe, kumene nthaka imawamwa pang'onopang'ono. Tizilombo tosaoneka ndi maso, tokonda malo opanda mpweya, timadya matope aja n'kuwachepetsa, ngakhale kuti sitiwamaliza.

Amene anatungapo madzi a mumtsinje m'dzinja amazidziwa izi. Ndowa ikatulidwa n'kusiyidwa, matope amakhazikika pansi, madzi n'kuyera. Ikamagwedezedwa mphindi iliyonse, madziwo amakhalabe ofiira mpaka usiku.

Thanki yogwira bwino ntchito imakhala yodzadza nthawi zonse, kulekeza pa paipi yotulukira. Lita imodzi ikalowa, ina imatuluka. Choncho mwini nyumba amene wavundukula patatha sabata chipopereni n'kupeza madzi ali pamwamba sanaberedwe ayi. Ndi mmene thanki imakhalira. Choyenera kumudetsa nkhawa ndi madzi amene akwera mpaka kumiza paipi yotulukirayo, chifukwa zikatero ndiye kuti sokawe yakana kumwa.

Akatswiri a zaukhondo amafuna kuti madzi akhale m'thanki osachepera maola 24, ndipo akakhalamo masiku awiri kapena atatu ndiye bwino koposa. Akadutsa mothamanga amanyamula tizidutswa ta zonyansa ndi mafuta n'kukatisiya m'sokawe, momwe timamata mipata ya miyala ndi ya nthaka. Thanki imapopeka tsiku limodzi. Sokawe yomatika imafuna kufukula, kuchotsa miyala yonse, mwinanso kukumba ina pamalo atsopano, pa puloti pamene malo anatha kalekale ndi nyumba za lendi.

Masamu a thanki ya malita 3,000

Thanki yotalika mamita 2.5, ya mita imodzi m'lifupi, imene madzi ake ndi ozama mamita 1.2, imasunga malita 3,000. Bungwe la World Health Organization limati malita 50 mpaka 100 patsiku amamukwanira munthu mmodzi kumwa, kuphika, kusamba, kuchapa ndi ukhondo. Banja la anthu 6, aliyense akamagwiritsa ntchito malita 100, limatsanulira m'thankimo malita 600 patsiku. Thanki ikadali yatsopano, madzi amenewa amakhalamo masiku 5.

Zaka zikamapita, matope ndi nkhoko zija zimalanda malo. Zikalanda gawo limodzi mwa magawo atatu, malo otsala ndi a malita 2,000, ndipo masiku aja atsika kufika pa atatu ndi kachidutswa. Palibebe chodandaulitsa. Kenako mwini nyumba amanga boyizi kota kuseri, aikamo alendi anayi, paipi yawo n'kuilumikiza ku thanki yomweyo poti kukumba ina n'kodula. Malita afika 1,000 patsiku. Kathanki ka kuchimbudzi kayamba kuchucha mwakachetechete, kapu imodzi ya mamililita 250 pa mphindi, imene pa maola 24 ndi malita 360. Tsopano ndi 1,360. Loweruka mabanja onse awiri achapa tsiku limodzi n'kuonjezera malita ena 600. Madzi olowa tsiku limenelo angotsala pang'ono kukwana 2,000, ofanana ndi malo onse otsala m'thankimo. Kukangobwera alendo a chinkhoswe, zonyansa zimangodutsa osadekha n'komwe.

Palibe njerwa imene yagumuka pa nkhani yonseyi. Thanki ndi yomweyo imene mmisiri anamanga bwinobwino. Imene yasintha ndi nyumba.

Kabokosi ka pageti

Mita ya madzi, kaya inaikidwa ndi Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena mabodi a m'zigawo, imawerenga madzi mu makiyubiki mita, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena zigubu 50 za malita 20. Pa mamita ambiri manambala akuda ndi makiyubiki mita athunthu, pamene ofiira ndi malita amene sanakwane 1,000. Owerenga mita polemba bilu amatenga akudawo. Mwini sepitiki amafuna onse, chifukwa nkhani ya tsiku limodzi imaoneka pa ofiira. Ambiri mwa mamitawa ali ndi kagudumu kakang'ono ngati kanyenyezi kamene kamazungulira madzi akamadutsa, ngakhale atakhala ochepa.

Chofunika ndi kope la ana a sukulu, bolopeni, ndi munthu mmodzi amene wapatsidwa ntchitoyo. Mwana wa Sitandade 7 amaikwanitsa, ndipo amanyadira nayo. Sabata yoyamba amawerenga tsiku lililonse pa nthawi imodzimodzi, monga m'mawa asanayambe kusamba, n'kulemba tsiku, nambala, ndi anthu amene anagona pakhomopo. Nambala ya lero akachotsapo ya dzulo, chotsala ndi madzi a tsiku limodzi. Akagawa ndi chiwerengero cha anthu, apeza malita a munthu mmodzi. Sabata imeneyo ikatha banja limakhala litadziwa muyeso wake, ndi tsiku limene limaononga madzi kwambiri. Kuchokera pamenepo kuwerenga kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Amene ali ndi mita yolipiriratu amalemba chimodzimodzi, kungoti iwo amatsatira mmene madzi amene anagula akutsikira. Amene amapopa madzi a pachitsime chawo kukweza m'thanki ya pamwamba amawerenga kuti thankiyo, imene kukula kwake kunalembedwa pambali, yadzazidwa kangati pa sabata.

Si madzi onse odutsa pa mita amene amakathera m'sepitiki. Othirira maluwa ndi ndiwo zamasamba, otsukira galimoto, ndi amene anansi amadzatunga pampopi wa panja amalowa m'nthaka kapena amapita kwina. Amenewa alembedwe pambali, pongowerenga ndowa kapena kuona mita asanayambe ndi atamaliza kuthirira. Komanso alipo madzi amene amalowa m'thanki osadutsa pa mita, monga a pamjigo amene banja limatunga mipopi ikauma. Kope labwino limakhala ndi kamzere ka zoterezi.

Kuyesa kwa usiku

Pa zonse zolembedwa m'kabuku kano, chimene chimabweza ndalama msanga ndi ichi. Usiku anthu onse atamaliza kusamba ndi kutsuka, mipopi yonse itsekedwe, wina apite ndi tochi pageti akalembe nambala yonse, yakuda ndi yofiira. Banja ligwirizane kuti usiku umenewo wopita kuchimbudzi agejemule ndi madzi a m'ndowa imene yatungidwiratu. M'mawa, wina asanatsegule mpopi, nambala iwerengedwenso. Ikakhala kuti yasuntha, penapake pakutayika madzi. Ngati pakhomo pali thanki ya pamwamba imene imadzadza usiku, valavu yake iyambe yatsekedwa kuti isasokoneze kuwerengaku.

Woyamba kumukayikira ndi kathanki ka kuseri kwa chimbudzi. Kalabala kotseka madzi pansi pake kakatha, madzi amayenderera m'mbale ya chimbudzi ngati kaulusi, osamveka, osanyowetsa pansi, ndipo onse amalunjika ku sepitiki. Kuti munthu awagwire, amathira tiyi wakuda bii kapena utoto wa makeke m'kathankimo n'kudikira mphindi 20 osagejemula. Mtunduwo ukaonekera m'mbale, kalabala katha. Ngati madzi akukwera mpaka kusefukira pa kapaipi ka m'kati, vuto ndi kampira koyandama kamene kamayenera kutseka madzi akadzadza. Zonsezi zimapezeka m'mahadiweya, ndipo pulambala amazisintha ola lisanathe, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi ulendo umodzi wa galimoto yopopa.

Mpopi wodontha umayezedwa ndi kapu. Iikidwe pansi pake kwa mphindi 10, madziwo ayezedwe, achulukitsidwe ka 144, ndiwo a tsiku limodzi.

Pali mtundu wina wa kutaya madzi umene umachitika m'madera amene madzi amasiyasiya. Munthu amatsegula mpopi wa kusinki masana, umangotulutsa mphepo, iye n'kuchokapo osatseka. Madzi amabwera pakati pa usiku onse ali m'tulo. Mpopi wotulutsa malita 10 pa mphindi ukathamanga maola 4 umataya malita 2,400, ndipo sinki siisefukira chifukwa paipi yake ikumeza onsewo kupita nawo ku sepitiki. M'mawa khitchini imakhala youma bwinobwino, palibe akudziwa kanthu, koma thanki yavundulidwa usiku wonse. Pakhomo pamene madzi amavuta pamayenera kukhala lamulo loti womaliza kugona azungulire mipopi yonse, ya alendi yomwe.

Kumene madzi amapita masana

Chimbudzi chachikale chimataya malita 9 kapena kupitirira pogejemula kamodzi, pamene cha mabatani awiri chimataya 3 kapena 6. Anthu 6 akagejemula kasanu aliyense pa chimbudzi cha malita 9, malita 270 apita. Amene sangathe kusintha kathanki amaikamo botolo la pulasitiki la lita imodzi lodzadza madzi, pambali posakhudza zitsulo zake, ndipo pa maulendo 30 aja apulumutsa malita 30. Njerwa isaikidwemo, imafumbutuka n'kuononga kalabala.

Shawa imayezedwa ndi ndowa: itsegulidwe kwa mphindi imodzi, madzi a m'ndowamo ayezedwe. Ikapezeka kuti imatulutsa malita 10 pa mphindi, mnyamata amene amathera mphindi 15 mmenemo amagwiritsa ntchito malita 150, pamene agogo ake amasamba n'kuyera ndi chidebe chimodzi cha malita 20. Kutseka shawa podzola sopo kumadula nambala imeneyi kwambiri.

Kuchapa ndiye kosavuta kukonza, chifukwa sikufuna kugula kanthu. Zovala zomwezo zikachapidwa Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka m'malo mounjikira tsiku limodzi, madzi a sabata amakhala omwewo koma thanki imawalandira pang'onopang'ono. Pa puloti ya alendi, mabanja agawane masiku. Madzi otsukuluzira zovala ndi osamba akhoza kupatutsidwa kupita ku kadzenje kawokawo ka miyala, kapena paphata pa nthochi monga amachitira m'makomo ambiri, malinga ngati sakudikha pamtunda n'kuswetsa udzudzu ndiponso sakuyenderera kwa anansi. Madzi ochapira matewera a mwana okha apite kuchimbudzi.

Mafuta otsala mufelempani asatsanulidwe m'sinki. Mapampasi, mapadi, makondomu, nsanza ndi zitsononkho siziwola m'thanki, zimangolanda malo. Jiki pang'ono wotsukira chimbudzi alibe vuto, koma kukhuthuliramo botolo lathunthu, penti, mafuta a galimoto kapena mankhwala a kumunda kumapha tizilombo tija timene timadya matope.

Dzinja

Pali madzi ena amene mita siiwaona n'komwe. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa padenga la masikweya mita 100 imapereka malita 2,000. Ngati madzi a padenga kapena a pabwalo la simenti amayenderera kumene kuli thanki, amalowa pa chivundikiro chosweka kapena amakhutitsa nthaka yozungulira sokawe. Ndi chifukwa chake masepitiki ambiri amavuta mu Januwale ndi Febuluwale, makamaka m'mapuloti a m'madambo ndi a dothi lamakande, kumene madzi a pansi amakwera mpaka kufika pafupi ndi pamwamba. Nthaka ikakhuta siingamwenso, ngakhale thanki itapopedwa katatu.

Mvula isanayambe, ngalande zikumbidwe zolambalalitsa madzi, zivundikiro zosweka zisinthidwe, ndipo dothi la pamwamba pa sokawe likwezedwe pang'ono kuti madzi asadikhepo. Miyezi ya mvula yambiri ndi imene banja liyenera kuumira madzi koposa. Galimoto isaimikidwe pamwamba pa thanki kapena sokawe, ndipo mitengo ya mizu yofunafuna madzi monga bulugamu ndi kachere ikhale kutali ndi mapaipi.

Nkhaniyi siithera mumpanda wa mwini wake. Madzi otuluka m'sepitiki amakhala akadali ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndipo imene imawasefa ndi nthaka. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati sokawe italikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30. Sokawe yosefukira imatumiza madzi osasefedwa m'ngalande za mumsewu mmene ana amaseweramo, ndi m'zitsime zosazama za anthu a kumunsi. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matenda amenewa amayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu.

Nsungwi ndi nsalu yoyera

Kope limanena za madzi olowa, koma za matope imanena ndi nsungwi. Kamodzi pachaka, nyengo yachilimwe, akuluakulu awiri avundukule mbali yoyamba ya thanki, aime patali kwa kanthawi kuti mpweya woipa utuluke, kenako atenge nsungwi yaitali imene kumunsi kwake akulungako nsalu yoyera yakutha. Iboole nkhoko ya pamwamba, itsike mpaka kugunda pansi, ikhale mphindi zingapo, ndipo izulidwe pang'onopang'ono. Pamene nsalu yada bii ndi pamene matope alekeza. Pamene nsungwi yangonyowa ndi pamene madzi alekeza. Matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuzama kwa madziwo, nthawi yoitana opopa yakwana, ngakhale kulibe fungo. M'makomo ambiri izi zimachitika pakatha zaka ziwiri mpaka zisanu, malinga ndi kukula kwa thanki ndi kuchuluka kwa anthu. Muyeso wa chaka chilichonse ulembedwe kumapeto kwa kope lomwelo, pamodzi ndi tsiku limene anapopa.

Pa ntchito imeneyi pasakhale fodya, kandulo kapena moto uliwonse, chifukwa mpweya wa m'thanki umayaka. Munthu asaweramitse mutu m'kati, ndipo asalowemo pa chifukwa chilichonse, kaya mwagwera foni kaya chitsulo. Mpweyawo umakomola munthu m'kanthawi kochepa, ndipo wolowa kukapulumutsa mnzake naye amagwa pomwepo. Ana akhale kutali, chivundikiro chibwezeredwe nthawi yomweyo, ndipo ogwira ntchitoyo asambe m'manja ndi sopo.

Opopa akabwera, mwini nyumba aonetsetse kuti paipi yawo yafika pansi pamene pali matope, osangoyamwa madzi a pamwamba, ndiponso kuti apopa mbali zonse ziwiri. Timatope pang'ono totsala pansi n'tabwino, timathandiza tizilombo kuyambiranso; thanki isatsukidwe ndi mankhwala. Ndi bwinonso kuwafunsa kumene akukataya. Malo ake ndi amene khonsolo inavomereza, monga ku Kauma kwa a mu Lilongwe, osati mumtsinje kapena pathengo usiku.

Pa puloti ya lendi

Mkangano wa eni nyumba ndi alendi pa nkhani ya sepitiki umadziwika mmene umayendera. Alandilodi amati alendi akuononga madzi, alendi amati thanki ndi yaing'ono, ndipo ndalama ya opopa aliyense amaikana. Kope likakhalapo, mkanganowo umafupika. Ngati malita a munthu mmodzi ali pakati pa 50 ndi 100, kuyesa kwa usiku sikukuonetsa kuchucha, koma sokawe ikusefukirabe, ndiye kuti thanki yachepa kapena sokawe yatha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mwini nyumba. Ngati nambala yalumpha mwadzidzidzi anthu asanaonjezereke, pali chimene chikuchucha kapena wina wasintha kagwiritsidwe ntchito ka madzi, ndipo tsiku limene zinayamba likuoneka pa tsamba.

Amene akuganiza zomanga nyumba ina kuseri ayambe ayeza thanki imene ilipo, m'litali, m'lifupi ndi kuzama kwa madzi, achotseko gawo limodzi mwa atatu la matope, kenako ayerekeze chotsalacho ndi malita a tsiku limene kope likuonetsa kuti ndi lolemetsa koposa, ataonjezerapo a anthu amene akubwerawo. Ngati madzi sangakhalemo masiku awiri athunthu, nyumba yatsopanoyo ikumbiridwe thanki ndi sokawe yakeyake maziko ake asanayambe.